Mutu 7: Kondakitala Agogoda Asanazungulire

1. Ntchito ya m'mawa

Aliyense pa msewu umenewo ankamuitana kuti Kondakitala. Dzina lake lenileni linalipo, koma linkangogwira ntchito m'kaundula wa aphunzitsi. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wanzeru m'kalasi, waulemu kwa akulu, koma wodzimva pang'ono pa nkhani ya zovala. Tisamunamizire zambiri, sanali mwana woipa.

Dzinali linachokera ku ntchito yake ya m'mawa uliwonse. Bambo ake ankayendetsa lole ya kampani ina yogulitsa mchenga. Inali lole ya matayala khumi, yoti pokwera umachita kuponda masitepe awiri. Madzulo ankaipakiriratu mchenga n'kubwera nayo kunyumba, kuti kukacha angolunjika kumene anthu akumanga. Bwalo la pakhomo linali laling'ono, choncho lole ija inkagona thupi lili mkati, mphuno itatulukira pa geti, pafupi ndi kanjira ka anthu oyenda pansi ndi a njinga.

Bambo ake akaliza injini, Kondakitala ankazungulira lole yonse. Ankayang'ana kumbuyo, kusuzumira pansi, kudutsa mbali inayo, kutulukira kutsogolo, kenako n'kugogoda kawiri pa chitseko cha dalaivala. Kugogoda kawiri kunkatanthauza kuti palibe munthu, palibe galu, palibe mwana wotola mpira. Bambo ake sankachotsa phazi pa buleki asanamve kugogodako.

Ntchitoyi anamupatsa ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sanangomuuza pakamwa. Loweruka lina anamukweza pampando wa dalaivala n'kumuuza kuti atsinzine. Atatsegula maso anamufunsa kuti akuona ana angati kutsogolo kwa lole. Iye anatalikitsa khosi, anayang'ana uku ndi uku, n'kuyankha kuti palibe ndi mmodzi yemwe. Atatsika anapeza ana asanu ndi awiri a pa msewuwo atandanda patsogolo pa bampala, akuseka, wina atabereka ndi mng'ono wake kumsana.

"Waona?" anatero bambo ake. "Anthu amaganiza kuti amene wakhala pamwamba amaona zonse. Si zoona. Ndikakhala apo ndimaona kutali, koma chimene chili pamphuno panga sindichiona. Dalaivala wa galimoto yaing'ono amaona ngakhale nkhuku. Ine munthu wamkulu akagwada apa, kwa ine palibe munthu. Mbali inayo, kumene kulibe chiwongolero, njinga itha kuyenda nane mtunda wautali ine osadziwa. Ndipo chinthu ichi chikadzaza mchenga sichimva zoti pepani. Ine ndikaponda buleki, mchenga uli kumbuyoku umakhala ukufunabe kupita. Ndiye iwe uzigogoda utaona ndi maso ako. Tsiku limene watopa kapena wachedwa, undiuze, nditsika ndekha. Sindidzakukalipira chifukwa chokana. Koma usadzagogode usanazungulire."

Kwa zaka zinayi sanaphonye ngakhale tsiku limodzi. Msewu wonse unazolowera. Amayi opita kumsika ankamupatsa moni akamatulukira kutsogolo kwa lole, ndipo ana a sukulu ankati akamuona akuzungulira amadziwa kuti achedwa kale.

2. Masokosi oyera

Lachiwiri lina kusukulu kunkabwera wojambula zithunzi. Kondakitala anali atasankhidwa kukhala pamzere wa kutsogolo, pafupi ndi mphunzitsi wamkulu, pamene munthu amaoneka kuyambira tsitsi mpaka nsapato. Masokosi anawachapa Lamlungu, anawachapanso Lolemba, mpaka amayi ake anamufunsa ngati akufuna kuwavala kapena kuwamaliza ndi sopo.

Mbandakucha kunagwa mvula. Kumbuyo kwa lole ndi mbali ya khonde kunali njerwa zoyala, ndiye kunali kouma. Koma pa geti, pamene matayala ankadutsa tsiku ndi tsiku, panali chithaphwi cha matope ofika mu akakolo.

Injini italira, Kondakitala anatuluka chikwama chili kumsana. Anayang'ana kumbuyo kwa lole, kunalibe kanthu. Anayenda pa njerwa mpaka pa chitseko cha dalaivala, ndipo njerwa zinathera pamenepo. Anayang'ana matope, anayang'ana masokosi ake ali mbee. Anaweramako pang'ono, kuwerama kwa munthu wosafuna kuona kanthu, n'kuona tayala lokha. Kenako anatambasula dzanja n'kugogoda kawiri.

Kutsogolo kwa lole kunali munthu.

Pa msewu umenewo panali bambo wina wachikulire wosoka nsapato. Anthu ankamutchula kuti a Chidendene, chifukwa nsapato iliyonse imene wawabweretsera, kaya yang'ambika kutsogolo, kaya yaduka lamba, iwo ankaitembenuza n'kunena kuti vuto ndi chidendene. M'mawa uliwonse ankapita kumalo awo a ntchito pa njinga yakale, bokosi la zipangizo atalimanga kumbuyo. Tcheni cha njinga imeneyo chinkagwa kawiri pa ulendo uliwonse, ndipo tsiku limenelo chinasankha kugwera pa geti pomwepo. A Chidendene anali atagwada, akuchibwezera.

Lole inasuntha pang'onopang'ono, liwiro loti nkhalamba ya ndodo ikanaipitirira. Kunamveka kulira kwa chitsulo chikupindika, kenako mawu a munthu. Bambo ake a Kondakitala anaponda buleki nthawi yomweyo, koma lole inapitabe pang'ono isanaime. Pang'ono pamenepo panakwanira.

Tayala lakutsogolo linali litakwera njinga, ndipo njinga inali itapanikiza mwendo wa a Chidendene. Bokosi linali litasweka. Misomali, ulusi ndi nsapato za eni ake zinali mbwee m'matope.

Anthu anathamangira pamenepo. Bambo ake anabweza lole m'mbuyo, amuna anayi anakoka njinga, ndipo mnansi wina anatulutsa galimoto yake n'kuthamangira nawo ku chipatala. Nthawi yonseyi Kondakitala anali chilili pa njerwa yomaliza ija.

3. Bodza limodzi

Wapolisi wa pamsewu anafika patapita kanthawi, ali ndi kabuku ndi chingwe choyezera. Anali bambo wamtali wosafulumira pa chilichonse. Asanafunse n'komwe, anthu anayamba kumuuza kuti dalaivala ameneyu ndi wosamala kwambiri, sayenda mwana wake asanazungulire lole n'kugogoda. Wapolisi anafunsa kuti mwanayo ali kuti.

Apa Kondakitala anachita chinthu chimene chinamupweteka pambuyo pake kuposa kugogoda kuja. Anayang'ana kumapazi kwake n'kuona kuti masokosi ake akumunenera. Munthu amene wadutsa kutsogolo kwa lole m'mawa umenewo sakanakhala ndi mapazi oyera chotero. Anthu ali mkati molozerana njinga, iye anatsika pa njerwa n'kuponda m'chithaphwi dala, phazi ili kenako linalo. Masokosi amene anawateteza ndi mwendo wa munthu anawadetsa yekha.

Wapolisi anamufunsa mofatsa ngati anazungulira.

"Ndinazungulira," anatero Kondakitala. "Panalibe munthu."

Mawu atatu okhawo anakwanira, otsalawo anthu anamaliza okha. Wina anati ndiye kuti mkuluyo anatulukira mwadzidzidzi mwana atadutsa kale. Wina anati a njinga masiku ano sayang'ana, amangoti njira ndi yawo. Mayi wina amene anali asanatuluke n'komwe m'nyumba ngozi ikuchitika analumbira kuti anawaona a Chidendene akupalasa mothamanga. Pofika nthawi yoti wapolisi azipinda chingwe chake, munthu amene anali atagwada phee pamalo amodzi anali atasanduka wopikisana ndi mphepo.

Bambo ake a Kondakitala anali atakhala pa sitepe ya lole, chipewa chili m'manja. Wapolisi atawafunsa, anangoti anamva kugogoda n'kuyenda. Mwana wawo sanamuyang'ane, ndipo iye anaganiza kuti ndi chifukwa cha chisoni.

Asanachoke, wapolisi anafotokoza mmene nkhani iyendere. Anati mawa lake masana bambo ndi mwana apite ku ofesi kukalembetsa sitetimenti ndi kusaina. Zikadzaoneka kuti wa njinga ndiye analowa mwadzidzidzi, nkhani ithera pomwepo, ndipo pepala lidzanena kuti wolakwa ndi iyeyo. Koma zikadzaoneka kuti munthuyo analipo kale lole isanasunthe, laisensi ya dalaivala iyamba yasungidwa ku ofesi mpaka akuluakulu aweruze.

Kondakitala anamva bwinobwino. Mbali ina kunali laisensi ya bambo ake, imene inkadyetsa nyumba yonse. Mbali inayo kunali nkhalamba yothyoka mwendo, imene inali pafupi kulembedwa kuti inadzipweteka yokha.

Kusukulu anapitabe chifukwa amayi ake anamukakamiza. Mphunzitsi ataona matope aja anamuchotsa pamzere wa kutsogolo n'kumuimika kumbuyo, pamene pamaoneka mutu wokha. Anzake anamumvera chisoni, ena mpaka anamuyamikira kuti ndi wolimba mtima. Chifundo chawocho chinamuwawa kuposa chikwapu.

Madzulo chakudya chinamukanika. Amayi ake anamugwira paphewa n'kumuuza kuti asadziimbe mlandu, iye ntchito yake anaichita. Anawonjezera kuti mawa akangonena zomwe ananena kale, osachotsa kapena kuwonjezera, chifukwa pa nkhani za polisi munthu wosinthasintha mawu ndiye amapalamula. Kondakitala anagwedeza mutu, ndipo manyazi anali atamudzaza.

4. Zimene ananena namwino

Mawa lake, asanapite ku polisi, bambo ake anati adzere ku chipatala. Anagula nthochi ndi mkaka pa geti n'kumupatsa Kondakitala kuti anyamule. Nthawi yoona odwala inali isanakwane, choncho anadikira pa khonde la wodi.

Namwino wamkulu wa wodiyo, mayi wa imvi wovala magalasi, anawapeza pamenepo. Atamva kuti uyu ndiye dalaivala, sanakalipe. Anawauza kuti mwendo wathyoka pawiri, madokotala aikamo chitsulo, ndipo za kupalasanso njinga palibe amene angalonjeze. Bambo ake ananena motsitsa mawu kuti lole sinkathamanga n'komwe.

Namwino anachotsa magalasi ake. Analankhula akuyang'ana Kondakitala, mwina chifukwa chakuti anali mu yunifolomu ya sukulu.

"Aliyense wobwera pano amanena zomwezo, kuti sinkathamanga. Mwanawe, ine ndagwira ntchito mu wodi muno zaka zambiri, ndipo ndikangoona bala ndimadziwa kukula kwa galimoto ndisanafunse. Galimoto yaing'ono imamenya munthu m'miyendo n'kumuponyera pamwamba pake. Amavulala ndithu, koma nthawi zambiri timamusoka n'kupita kwawo. Galimoto yaitali kutsogolo imamenya pachifuwa, ndipo mwana imamumenya pamutu. Simuponyera pamwamba ayi, imamugwetsa pansi n'kumutsatira. Tsono ikakhala yolemera ngati yanuyo, siifuna liwiro. Dzira ukaligwetsera supuni limang'aluka, koma ukaliikira thumba la simenti pang'onopang'ono, mwaulemu, umapeza chiyani? Wa njinga alibe chitseko, alibe lamba, chitsulo chake ndi fupa lake lomwelo. N'chifukwa chake ndimati amene ali ndi chachikulu ndiye ayenera kuopa kwambiri. Ukadzakula n'kugula galimoto yako, usadzangofunsa kuti idzakuteteza bwanji iwe uli mkati. Udzafunsenso za amene ali panja. Ndipo ukamayenda pansi kapena pa njinga, ngati sukuona nkhope ya dalaivala, dziwa kuti iyenso sakukuona."

Anavalanso magalasi ake n'kuwauza kuti akhoza kulowa, koma asachedwe.

5. Pa bedi lachinayi

A Chidendene anali pa bedi lachinayi kuchokera pakhomo, mwendo uli m'mwamba. Popanda chipewa ndi ovolosi yawo ankaoneka ochepa thupi. Akazi awo anali atakhala pampando pambali, akupinda nsalu. Ataona alendo anaimirira mwaulemu n'kulandira nthochi ndi manja awiri.

Mkuluyo anamwetulira ataona mtsikana uja. Anafunsa ngati nsapato za anthu zinatoledwa m'matope, chifukwa panali za mwana wina woyenera kuvala pa ukwati Loweruka. Bambo ake a Kondakitala anayankha kuti zonse zili kunyumba, azitsuka kale. Kenako anapepesa, mawu akutuluka movutikira.

A Chidendene anakweza dzanja kuwaletsa.

"Wopepesa ndine, achimwene. Koma pali chinthu chimodzi chikundizunguza mutu. Ine ndikukumbuka kuti tcheni chitagwa ndinatsika n'kugwada. Injini ndinkaimva ndithu, sindine gonthi. Koma ndinati mumtima, lole iyi siyenda Kondakitala asanadutse. Akatulukira mdzukulu wanga ndimupatsa moni, ndikokera njinga pambali. Ndiye ndinkabwezera tcheni ndikudikira kuti atulukire."

Akazi awo anawadula. Anati zimenezo asamazinene pamaso pa anthu, chifukwa mwana wanena kale kuti anadutsa ndipo panalibe munthu. Anati msewu wonse ukunena kuti iwo ankathamanga, ndipo iwo eni akhala akuwauza kwa zaka zambiri kuti njinga imeneyo idzawapha. Anawonjezera kuti ana awo amvana kale pa foni kuti bambo awo akatuluka asadzakwerenso njinga kapena kupita okha kuntchito, chifukwa mutu wayamba kutha. Ankalankhula mokalipa, koma maso awo anali ofiira.

Mkulu uja anayang'ana kudenga. Kenako anatembenuza mutu n'kuyang'ana Kondakitala.

"Mwina n'zoona, ndakalamba," anatero. "Mwina mankhwala awa andilotetsa. Ngati mwana uyu wanena kuti anazungulira, ndiye kuti anazungulira. Ndamuona zaka zinayi, mvula ndi dzuwa. Ameneyu sanama. Wapolisi akabwera ndimuuza kuti ndinalowa ndekha. Usadandaule, mdzukulu wanga, wamva? Si iwe."

Kondakitala anaweramitsa mutu. Anali atakonzekera kukalipiridwa, ngakhale kutukwanidwa. Sanakonzekere kuona munthu wamkulu akusiya kukhulupirira mutu wake womwe chifukwa chokhulupirira iye. Anagwada pambali pa bedi ngati akutsanzika, ndipo mkulu uja anamusisita pamutu ndi dzanja lokhala ndi zipsera za singano.

Potuluka anayenda patsogolo kuti bambo ake asaone nkhope yake.

6. Pa benchi ya ku polisi

Ku ofesi ya polisi anawauza kuti adikire panja. Panali benchi yaitali yamatabwa pansi pa zenera, ndipo mkati munkamveka wina akulemba pa makina ndi chala chimodzi. Bambo ndi mwana anakhala motalikirana pang'ono. Bambo ake anatulutsa laisensi m'thumba, anaiyang'ana, n'kuibwezeramo.

Kondakitala anayamba kawiri n'kulephera. Kachitatu anangotseka maso n'kunena.

"Ababa, sindinazungulire."

Bambo ake sanatembenuke.

Iye anapitiriza msangamsanga, kuopa kuti akapuma sadzayambanso. Anafotokoza za matope ndi za chithunzi, anafotokoza kuti anaima pamene njerwa zinathera n'kugogoda. Ananena kuti a Chidendene sakulota, analipo ndithu, ndipo iye akanangoyenda masitepe ochepa akanawaona. Ananena kuti akudziwa kuti akalowa n'kunena zimenezi laisensi itengedwa, amayi amukwiyira, ndipo kampani mwina iwachotsa ntchito. Koma kusaina kuti agogo aja anadzipweteka okha, ayi, dzanja lake silingathe.

Atamaliza anadikira. Ankayembekezera mawu aja a zaka zinayi zapitazo kuti amubwerere ndi ukali. Akanakonda kumenyedwa pomwepo anthu akuona, kuti mwina mtima upepukeko.

Bambo ake anapukuta nkhope ndi chipewa. Atalankhula, mawu awo anali a munthu wotopa.

"Ndikudziwa. Ndinakuona pa kalilole."

Kondakitala anatsegula maso.

"Tsiku lililonse ndimakuona ukuzimirira kumbuyo, ndimakuona pa kalilole wa mbali inayo, kenako umatulukira pa chitseko changa kuchokera kutsogolo. Dzulo unachokera kumbuyo. Ndinaona, ndipo ndinadziwa. Koma ndinali nditachedwa, kapitawo anali ataimba kale kawiri. Ndinati mumtima, wagogoda, basi, zikavuta si ine. Ndinakuphunzitsa kuti usagogode usanaone, koma ine ndinayenda ndikudziwa kuti sunaone. Chiwongolero chinali m'manja mwanga, osati mwako. Ndipo utanama kwa wapolisi ndinakhala chete. Ndinadziuza kuti ndikuteteza mwana wanga. Lero mu wodi muja ndazindikira kuti ndimabisala kumbuyo kwa mwana wanga."

Mtsikanayo anali asanaonepo bambo ake akulira, ndipo sanadziwe koyang'ana. Anali atabwera ndi katundu amene ankaganiza kuti ndi wake yekha. Kupeza kuti anali atasenzerana sikunamupepukitse. Kunamuopsa, chifukwa munthu amene ankayembekezera kuti amuuze chochita analinso wolakwa ngati iye.

Anafunsa motsitsa kuti nanga atani. Bambo ake anatsegula pakamwa, koma asanayankhe makina aja mkati anasiya kulira. Chitseko chinatseguka, ndipo wapolisi wamtali uja anaima pakhomo ali ndi mapepala awiri, limodzi m'dzanja lililonse.

"Ndalemberatu zonse monga munanenera dzulo, kwatsala kusaina basi," anatero. "Koma muzilowa mmodzimmodzi. Ayambe ndani?"

Onse awiri anaimirira.